Chibwenzi cha achinyamata m'masewero a ku Korea: n'chiyani chimawachedwetsa kunena zakukhosi?

Nachisale

Moni nonse a pa gulu lino. Pali nkhani imene imabuka nthawi zonse tikamakamba za masewero a pa kanema a ku South Korea, makamaka aja onena za achinyamata okondana, ndipo ndikupempha kuti lero tiikambirane mofatsa. Masewero ambiri oterewa amakhala ndi magawo 16, koma mnyamata ndi mtsikana amatha kufika gawo la 7 kapena la 8 asanauzane zakukhosi, pamene ife oonera tinazindikira kalekale kuti mitima yawo ili pamodzi. Anthu ambiri amati umenewu ndi ulemu ndi manyazi a anthu a ku Korea, ndipo amayamikira kuti awa ndi masewero amene munthu angaonere pabalaza pamodzi ndi makolo ake osayang'ana pansi. Zimenezo sindikuzitsutsa. Komabe maganizo anga ndi akuti m'masewero olembedwa bwino, chimene chimawamanga pakamwa achinyamatawa ndi kusowa pokhala, kusowa ntchito yodalirika ndiponso kuopa mawu a makolo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi Because This Is My First Life, limene linaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya tvN mu 2017. Mtsikana wake, Ji-ho, ali ndi zaka 30, amathandiza alembi a masewero pa malipiro ochepa, ndipo wachoka m'nyumba imene ankakhala chifukwa mchimwene wake wamng'ono wabweretsamo mkazi woyembekezera. Mwamuna wake, Se-hee, nyumba ali nayo, koma anaigula pa ngongole imene adzakhala akubweza kwa zaka zambiri, choncho akufuna munthu wochita lendi chipinda chimodzi. Awiriwa amapangana kukwatirana kwa zaka 2 popanda kukondana, kuti wina apeze pogona, winayo apeze ndalama ya lendi komanso kuti bambo ake aleke kumukakamiza kukwatira. Se-hee amagwira ntchito pa kampani yopanga pulogalamu ya pa foni yokumanitsa anthu ofuna zibwenzi, koma iye mwini anawerengetsera ndalama zake n'kupeza kuti zikungokwanira nyumbayo ndi mphaka wake. Chikondi chimabwera pambuyo, ndipo chikabwera onse awiri amachiopa, chifukwa chikuphwanya pangano limene limawapatsa denga. Kodi anzanga mukuiona bwanji nkhaniyi?

Chifundo

Zikomo achemwali a Nachisale potiyambira nkhani yokoma. Sewero mwatchulalo ndi labwino ndithu, koma si limene linatchukitsa masewero a ku Korea kunja kwa dziko lawo. Amene anthu amawathamangira ndi aja a mwana wa mpondamatiki amene amakonda mtsikana wosauka. Boys Over Flowers la mu 2009, limene linamutchukitsa Lee Min-ho, limanena za mwana wa banja lolemera kwambiri ndi mtsikana amene makolo ake amachapa zovala za anthu. Business Proposal la mu 2022 limanena za mtsikana amene amapita kukakumana ndi mwamuna m'malo mwa mnzake wolemera, n'kupeza kuti mwamunayo ndi mkulu wa kampani imene iye amagwirako ntchito. M'masewero ngati amenewa umphawi suchedwetsa chikondi, koma chikondi ndiye chimathetsa umphawi, popeza mtsikanayo akangolowa m'banja la chaebol, eni makampani akuluakulu aja, nkhawa zake za lendi zimathera pomwepo.

Ine kuchedwa kumene mukunenaku ndimakuona ngati nkhani ya malonda. Masewerowa amaulutsidwa magawo awiri pa sabata, ndipo wailesi ya kanema imafuna kuti oonera abwerere sabata yotsatira. Mnyamata akanati afunsire m'gawo la 2 n'kuloledwa, magawo 14 otsalawo akanadzazidwa ndi chiyani? N'chifukwa chake timaona foni ikulira pa nthawi imene iye akufuna kulankhula, kapena bwenzi lakale likutulukira kuchokera ku America. Ngakhale malo amene okondanawo amakumanirana nthawi zambiri ndi a makampani amene alipira kuti katundu wawo aoneke, ndipo aliyense amene waonera masewerowa amadziwa kuchuluka kwa zibwenzi zimene zimakambirana za tsogolo lawo zili m'malo odyera a Subway.

Tiyamike

Ndikulemba kuchokera ku Daejeon kumene ndikuchita maphunziro, ndipo ndikufuna kuikapo zimene achinyamata a kuno amachita akamafuna chibwenzi, chifukwa zikusiyana ndi za pa kanema m'njira imene ingathandize mkangano wanuwu.

Njira yofala kwambiri imatchedwa sogaeting. Mnzako amene akukudziwa bwino amakulumikiza ndi munthu wina amene iye akumudziwanso, amakupatsani manambala a foni, ndipo inu awiri mumakumana nokha pa malo omwera khofi kapena odyera. Zikatero zinthu siziyenda pang'onopang'ono monga m'masewero. Anthu ambiri amayembekezera kuti pofika ulendo wachitatu wokumana, mmodzi anene poyera ngati akufuna chibwenzi kapena ayi, ndipo amene akungozengereza amaoneka ngati akutayitsa mnzake nthawi. Nyengo imene anthu awiri akulemberana mauthenga ndi kuyendera limodzi koma asanagwirizane kanthu amaitcha sseom, ndipo imatha tsiku limene wina waulula chikondi chake momveka bwino. Tsiku limenelo ndi lofunika kwambiri chifukwa ndi pamene amayambira kuwerenga. Akakwanitsa masiku 100 amachita chikondwerero, amapatsana mphatso, ndipo ena amagula mphete zofanana ngakhale za ukwati zisanakambidwe. M'misewu si zachilendo kuona mnyamata ndi mtsikana atavala malaya kapena nsapato zofanana.

Kalendala nayonso imawakumbutsa nthawi zonse. Pa 14 Febuluwale atsikana ndiwo amapereka chokoleti kwa anyamata, pa 14 Malichi anyamata amabweza mphatso, ndipo pa 14 Epulo amene alibe zibwenzi amadya jajangmyeon, chakudya cha tirigu cha msuzi wakuda. Pa 11 Novembala amapatsana timabisiketi totalika ta Pepero. Pamwamba pa phiri la Namsan ku Seoul pali maloko ambirimbiri amene okondana amakhoma pa mpanda atalembapo mayina awo, ndipo malo amenewa mwawaona m'masewero kangapo.

Chimene masewero amachionetsa molondola kwambiri ndi nkhawa ya pa foni. Pafupifupi aliyense kuno amagwiritsa ntchito pulogalamu yotumizirana mauthenga ya KakaoTalk, ndipo uthenga ukatumizidwa, pambali pake pamaoneka nambala 1 mpaka wolandirayo atauwerenga. Nambalayo ikachoka koma yankho osabwera, munthu amadziwa kuti wawerengedwa n'kusiyidwa. Mukaona mtsikana wa m'sewero atagona chagada akuyang'anitsitsa foni osaphethira, nambala imeneyo ndi imene akuidikira. Choncho pa nkhani ya kuchedwa kufunsira, ndikugwirizana ndi a Chifundo kuti alembi amakukokomeza. Koma pa nkhani ya kuchedwa kukwatirana, a Nachisale ndiwo alasa.

Nachisale

Zikomo kwambiri a Tiyamike. Mwasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa, kufunsirana ndi kukwatirana. Ndikupempha kuti mutifotokozere bwino za nyumba, chifukwa m'masewero ambiri timamva anthu akudandaula za ndalama yaikulu imene mwininyumba akufuna, ndipo mawu omasulira a pansi pa kanema salongosola kuti ndalamayo ndi ya chiyani.

Tiyamike

Ndalama imeneyo imachokera ku dongosolo lotchedwa jeonse. M'malo molipira lendi mwezi ndi mwezi, wolowa m'nyumba amapereka kwa mwininyumba ndalama yaikulu kamodzi, kawirikawiri yoposa theka la mtengo wa nyumbayo, n'kukhalamo zaka 2, ndipo potuluka amabwezeredwa ndalama yake. Ku Seoul ndalama yotereyi wachinyamata amene wangoyamba ntchito sangaipeze payekha, pokhapokha atakongola ku banki kapena makolo atamuthandiza. Mwambo wakale unkati mwamuna ndiye apeze nyumba ndipo mkazi agule katundu wa m'nyumbamo, ndipo ngakhale zikusintha, maganizo amenewa sanathe. Mnyamata amene makolo ake alibe chuma amadziwa asanafunsire n'komwe kuti funso la nyumba likumudikira kutsogolo.

Mu 2011 nyuzipepala ya Kyunghyang Shinmun inafalitsa dzina lakuti m'badwo wa sampo, ponena za achinyamata amene asiya zinthu zitatu, chibwenzi, ukwati ndi kubereka, chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu ndi kusowa kwa ntchito zokhazikika. Ziwerengero za boma zikugwirizana nazo. Mu 2023 amuna ankakwatira koyamba ali ndi zaka pafupifupi 34, akazi ali ndi zaka zopitirira 31, ndipo chiwerengero cha ana amene mkazi mmodzi akuyembekezeka kubereka pa moyo wake chinatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa pa dziko lonse. Mu 2024 chinakwerako pang'ono kufika pa 0.75. Popeza ana obadwa kunja kwa ukwati ndi ochepa kwambiri kuno, ukwati ukachedwa ndiye kuti kuberekanso kwachedwa.

M'sewero limene a Nachisale atchula muli chibwenzi china cha Ho-rang ndi Won-seok, amene akhala pa chibwenzi zaka 7 ndipo amakhala limodzi m'kachipinda ka padenga pa nyumba. Mtsikanayo akufuna ukwati, mnyamatayo amamukonda ndi mtima wonse, koma bizinesi yake sikuyenda ndipo sakuona kumene angamuike. Kwa ine awiri amenewa ndiwo akufanana kwambiri ndi achinyamata amene ndimaphunzira nawo kusiyana ndi ana a mpondamatiki aja.

Mayi Nabanda

Ndawerenga zonse mwachidwi, ana anga, koma ine ndikufuna kulankhula monga kholo la atsikana amene amaonera masewerowa. Mukukamba za kuchedwa, pamene chimene chimandivutitsa mtima ndi khalidwe la anyamata amene akuonetsedwa ngati okonda kwambiri. Mtsikana akutembenuka kuti achoke, mnyamata amamugwira pa mkono mwamphamvu n'kumukokera kumene iye akufuna, nyimbo yokoma n'kuyamba. Mtsikana wanena kuti sakufuna, mnyamata amaima pakhomo pake usiku wonse, amamutsatira ku ntchito, amamulanda foni, ndipo pamapeto pake mtsikanayo amalola, ngati kuti kukana kwake kunali kungodzikometsa.

A Chifundo atchula Boys Over Flowers. Tikumbukire mmene chikondi cha m'menemo chinayambira. Jun-pyo, mwana wa banja lolemera uja, ndi anzake atatu ankalamulira sukulu yonse, ndipo munthu amene wawalakwira ankapeza khadi lofiira m'kabati yake, chizindikiro chakuti ophunzira onse amuzunze. Jan-di, mtsikana wosauka uja, anazunzidwa motero mwa lamulo la Jun-pyo yemweyo, ndipo ndi iye amene sewero likutiuza kuti timusangalalire akamamupsompsona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mnyamata wokongola, wolemera, wokwiya msanga ngati ameneyu ndi mkuyu woterowo. Mwana wa zaka 15 akaona zimenezi mobwerezabwereza amayamba kuganiza kuti nsanje ndi ukali ndiwo umboni wa chikondi, ndipo mwamuna wofatsa amene amalemekeza mawu akuti ayi amaoneka wozizira. M'masewero ambiri akale mnyamata wofatsayo amakhalapodi, amamuthandiza mtsikana pa mavuto onse, koma ndi iye amene amatsala yekha pamapeto. Ine zimenezi sindiziona ngati zazing'ono.

Madalitso

Mayi Nabanda, mawu anu ndi oona ndipo sindingawachepetse. Ndingowonjezera kuti anthu a ku Korea enieniwo, makamaka akazi, akhala akudandaula za zomwezi kwa zaka zambiri, ndipo malamulo awo nawo anasintha. Kale kulondalonda munthu amene wakukana unali mlandu waung'ono wa chindapusa chosapitirira 100,000 won (ndalama ya ku South Korea), koma mu 2021 kunayamba kugwira ntchito lamulo limene limalola kuti wolakwayo akhale ku ndende mpaka zaka 3. Masewero a zaka zaposachedwa akusonyeza kusinthaku. Mnyamata amafunsa asanagwire dzanja, amapepesa akalakwa, ndipo munthu wodikira pakhomo usiku kawirikawiri amaonetsedwa ngati woopsa.

Koma vuto lina lalowa m'malo mwa lakale, ndipo sewero limene linalionetsa mosabisa ndi Nevertheless la pa wailesi ya kanema ya JTBC mu 2021. Mtsikana Na-bi ndi mnyamata Jae-eon ndi ophunzira a zaluso pa yunivesite. Jae-eon sakalipa, sakoka munthu pa mkono, amalankhula mofatsa ndipo amadziwa kusamalira mtsikana, koma safuna kuti ubale wawo ukhale ndi dzina. Amagona kunyumba kwa Na-bi, koma akafunsidwa kuti iwo ndi ndani kwa wina ndi mnzake amazemba, ndipo amachita chimodzimodzi ndi atsikana ena. A Tiyamike atiuza kuti nyengo ya sseom imayenera kutha ndi kuulula. Jae-eon ndi munthu amene wapeza kuti akhoza kudya zokoma zonse za chibwenzi popanda kuulula kanthu, ndipo mtsikanayo ndiye amasenza manyazi ndi miseche ya anzawo a m'kalasi. Ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo khalidwe limeneli ndimaliona pakati pa achinyamata anzanga, choncho sewerolo linandikhudza. Chimene chinandikhumudwitsa ndi mapeto ake, chifukwa Na-bi amasiya Do-hyeok, mnzake wa paubwana amene anamuululira chikondi mosabisa, n'kubwerera kwa Jae-eon akudziwa kuti adzalira.

Mayi Nabanda

Ndiye mwana wanga Madalitso, mwatsimikiza mawu anga aja. Mkono aleka kukoka, koma mnyamata woona mtima akutsalabe yekha, ndipo wozembazemba ndiye akulandira mphotho. Ndikuvomera kuti n'kwabwino kuti sewerolo silinabise ululu wa mtsikanayo, chifukwa mwana woonera akhoza kudzizindikira m'menemo. Komabe ndikanakonda kuti alembi alimbe mtima n'kumulola Na-bi kuchoka, ngakhale kukhala yekha, kuti atsikana aone kuti zimenezonso n'zotheka.

Thokozani

Moni kuchokera ku Chipata. Pa zinthu zitatu zimene a Nachisale anatchula poyamba, nkhani ya makolo sitinaikhudze mokwanira, ndipo ine ndikuona kuti ndi imene ili pamtima pa masewerowa. Something in the Rain la pa JTBC mu 2018 ndi limene linandionetsa kulemera kwake. Jin-ah ali ndi zaka 35, amayang'anira masitolo a kampani yogulitsa khofi, ndipo amakhalabe ndi makolo ake. Amayamba kukondana ndi Joon-hee, mchimwene wamng'ono wa mnzake wapamtima, amene wakula akulowa m'nyumba mwawo ngati mwana wa pakhomopo. Magawo oyambirira ndi okoma kwambiri, awiriwa akuyenda pansi pa ambulera imodzi, akugwirana manja pansi pa tebulo anzawo a ku ntchito osadziwa. Koma nkhani ikamveka, mayi a Jin-ah amasanduka munthu wina. Chimene amakana kwenikweni si kusiyana kwa zaka, koma chakuti mnyamatayo alibe banja lolemekezeka kumbuyo kwake, popeza mayi ake anamwalira ndipo bambo ake anawasiya ana n'kukayamba banja lina. Mayi yemweyo amene ankati amamukonda ngati mwana wake amamunyoza pamaso, n'kumakonda mkamwini wa ku banja lapamwamba ngakhale khalidwe lake litaoneka kuti ndi loipa.

Oonera ambiri anakwiya ndi Jin-ah kuti bwanji mkazi wa zaka 35 akulephera kuwayankha mayi ake. Ine sindinakwiye naye. Munthu amene sangakwanitse nyumba yakeyake, amene ku ntchito akulimbana ndi mabwana amuna ozunza akazi, ndipo anakula akuphunzitsidwa kuti kumvera makolo ndi ulemu woposa zonse, sangangodzuka tsiku limodzi n'kutseka chitseko. Chimene ndinaona n'chakuti awiriwa analibe munthu wowalankhulira. Kwathu nkhani ya ukwati imadzera kwa amalume ndi ankhoswe, amene amatha kufewetsa mawu owawa asanafike kwa eni ake. M'masewero a ku Korea mnyamata amagwada yekha pamaso pa makolo a mtsikana, ndipo mawu onse oipa amamugwera mwachindunji. Mabanja awiriwo amadzakumana pa chakudya mwamwambo pokhapokha zonse zikagwirizanidwa kale.

Chifundo

Achimwene a Thokozani, mwakumbutsa nkhani ina imene ili mu Reply 1988, limene linayamba kuulutsidwa mu 2015. Sun-woo ndi Bo-ra amakondana, koma chopinga chawo chachikulu ndi chakuti onse awiri ali ndi dzina la makolo limodzi ndipo ndi a fuko limodzi. Pa nthawi imeneyo lamulo la dzikolo linkaletsa ukwati wa anthu otero ngakhale atakhala kuti palibe ubale wapafupi umene angauloze. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 1997 kuti lamulolo silikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo linachotsedwa m'buku la malamulo mu 2005. Apa ndikuvomereza kuti chopingacho n'chenicheni, osati chongopeka kuti magawo akwane 16. Koma taonani kuti masewero amene tikuwayamikira pano chifukwa cha choonadi chawo ndi ochepa. Pa sewero limodzi lotere pali ambiri amene mayi wa mnyamata amangoika envelopu ya ndalama pa tebulo n'kuuza mtsikana kuti asiye mwana wake, ndipo mtsikanayo amakana, ndipo zonse zimatha ndi ukwati wa m'hotela.

Tiyamike

Pali zinthu ziwiri zimene oonera akunja timaziphonya. Choyamba ndi kalankhulidwe. Chikoreya chimasiyanitsa kulankhula kwaulemu ndi kulankhula kwa anthu ozolowerana, monga ife timasiyanitsira inu ndi iwe, ndipo anthu awiri amene angodziwana sasiya kalankhulidwe kaulemu popanda kugwirizana. Mawu omasulira a pansi pa kanema sasonyeza zimenezi, choncho ife timaona ngati palibe chimene chachitika m'gawo lonse, pamene oonera a kuno aona kuti mnyamata wasiya kutchula mtsikana ndi udindo wake wa ku ntchito n'kuyamba kumuitana dzina. Zambiri zimene timaziona ngati kuchedwa ndi masitepe amene makutu athu sakuwamva.

Chachiwiri ndi usilikali, umene masewero achikondi amakonda kuulambalala. Mwamuna aliyense wathanzi amayenera kukatumikira, ndipo kwa ambiri ndi miyezi 18, kawirikawiri ali pakati pa maphunziro a ku yunivesite. Chibwenzi chimene chinayamba m'chaka choyamba chimakumana ndi funso lakuti kodi mtsikanayo adikira kapena ayi, ndipo mnyamatayo akabwerera amapeza mnzake watsala pang'ono kumaliza maphunziro pamene iye akuyambiranso. N'chifukwa china chimene amuna amachedwera kupeza ntchito ndi kusunga ndalama. Sewero likafika pamenepa nthawi zambiri limangolemba pa kanema kuti papita zaka 2, koma kwa achinyamata a kuno miyezi imeneyo ndi imene imathetsa zibwenzi zambiri zoyamba.

Madalitso

Popeza tafika pa zibwenzi zoyamba zimene zimatha, ndikufuna kumva maganizo anu pa Twenty-Five Twenty-One la mu 2022. Nkhani yake imayamba mu 1998, dziko la South Korea litangogwa m'mavuto azachuma amene analikakamiza kukapempha ngongole ku bungwe la IMF kumapeto kwa 1997. Timu ya masewera a malupanga ya pa sukulu ya mtsikana Hee-do yathetsedwa chifukwa chosowa ndalama, ndipo mnyamata Baek Yi-jin, amene anakulira m'banja lolemera, akugawa nyuzipepala m'makomo chifukwa kampani ya bambo ake yagwa ndipo anthu angongole akumusakasaka. Awiriwa amalimbikitsana kwa zaka, Hee-do mpaka kukhala katswiri woimira dziko, Yi-jin mpaka kukhala mtolankhani wa pa kanema. Kenako Yi-jin amatumizidwa ku New York pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, zimene amaona kumeneko zimamuswa mtima, amaleka kumuuza Hee-do za m'kati mwake, ndipo chibwenzi chimatha.

Ine mapeto amenewa sindinawalandire. Anthu amene anapirira kugwa kwa chuma, kubisala ndi kusiyana kwa miyezi yambiri sakanayenera kugonja chifukwa cha mtunda. Ndikudziwa kuti alembi anatichenjeza kuyambira gawo loyamba, popeza mwana wa Hee-do amene akuwerenga mabuku a mayi ake ali ndi dzina la makolo lakuti Kim, osati Baek, koma ndimaonabe kuti magawo awiri omaliza anathamangitsidwa.

Nachisale

A Madalitso, ine ndili kumbali ina. Chimene chinathetsa chibwenzicho sindikuona kuti ndi mtunda. Hee-do anakula ndi mayi owerenga nkhani pa kanema, amene analephera ngakhale kukhala pa maliro a mwamuna wawo chifukwa cha ntchito, ndipo mwanayo anakhala ubwana wake wonse akudikira munthu amene nthawi zonse ankapepesa. Atapeza kuti Yi-jin wayamba kulankhula mawu omwewo, kulonjeza kubwera n'kulephera, kupepesa pa foni, iye anadziwa kumene njirayo ikupita chifukwa anali ataiyenda kale. Yi-jin nayenso sakanatha kuisiya ntchitoyo, popeza ndi imene inamuchotsa m'manyazi a kugwa kwa banja lake ndipo ndi imene ikanabweretsanso makolo ake pamodzi. Palibe woipa pakati pawo, palibe mayi wa envelopu, palibe bwenzi lakale lochokera kunja. Mavuto a 1997 amene anawakumanitsa ndi omwewo amene anamuchititsa mnyamatayo kukakamira ntchito yake mwamphamvu chotero mpaka kutaya mtsikana. Ndikugwirizana nanu kuti magawo omaliza anafunika mpata wokulirapo, koma kuwakwatitsa kukanakhala kunamiza oonera pa zonse zimene sewerolo linali litamanga.

Chifundo

Achemwali, mwalifotokoza bwino, koma oonera ambiri anali kumbali ya a Madalitso, ndipo eni mawailesi a kanema amamvera oonera. Taonani chimene chinatsatira. Mu 2024 Queen of Tears linaposa Crash Landing on You n'kukhala sewero loonedwa kwambiri m'mbiri ya tvN, gawo lake lomaliza litafika pafupifupi 25 peresenti ya oonera, ndipo masewero awiriwa analembedwa ndi munthu mmodzi, Park Ji-eun. M'masewero onse awiri muli mwana wa banja la chaebol. Chimene chasintha n'chakuti wolemerayo tsopano ndi mkazi, ndipo mu Queen of Tears mwamuna, amene ndi loya wochokera kumudzi, ndiye akuvutika m'nyumba ya apongozi ake mpaka kuganiza zothetsa banja patangopita zaka 3 chikwatirane. Ndikufunsa a Mayi Nabanda ndi a Thokozani, amene mwakamba za makolo ndi za ulemu wa mtsikana, ngati kusinthanitsa malo kotereku mukukuona kuti ndi kusintha kwenikweni, popeza chuma cha banja limodzi chikadali ndi mawu omaliza pa ukwati wa anthu awiriwo.